NickServ ndi ChanServ: kulembetsa dzina ndi tchanelo pa IRC kuti zisakuchokeni

Funso lake silisintha, amasintha ndi ofunsa okha. Munthu watsegula tchanelo, chipinda chochezeramo, pa IRC, njira yochezera pa intaneti polemberana mauthenga, waitana anzake, acheza mpaka usiku. Wazimitsa kompyuta n'kukagona. Kutacha walowanso, kachizindikiro ka @ kamene kanali kutsogolo kwa dzina lake kulibe, mwinanso kali kwa mlendo amene sanamuonepo. Wina amabwera ndi dandaulo la dzina: wakhala akuligwiritsa ntchito miyezi itatu, lero seva ikumuuza kuti dzinalo lili ndi wina. Mafunso awiriwa ndayankha kambirimbiri, munthu mmodzimmodzi, mpaka ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi zonse zikhale pamodzi.

Palibe amene wakuberani mwamatsenga. IRC inapangidwa choncho. Pamene Jarkko Oikarinen ankaipanga mu 1988 ku yunivesite ya Oulu ku Finland, seva sinapatsidwe ntchito yokumbukira anthu. Dzina, limene pa IRC amati nick, ndi la amene walitenga pa nthawiyo, ndipo akangotuluka limatsala lopanda mwini. Tchanelo nacho chimakhalapo pokhapokha muli munthu. Woyamba kulowa ndiye amachiyambitsa, ndipo seva imamupatsa @, kutanthauza kuti ndi op, woyang'anira amene angathe kutulutsa anthu, kuletsa ena kulowa ndi kusintha mutu wa tchanelo. Womaliza akatuluka, tchanelo chimafa pamodzi ndi zonse zimene munaikamo. Mawa lake wolawirira ndiye mfumu.

M'zaka za m'ma 1990 zimenezi zinabala mikangano yaikulu yolandana matchanelo. Anthu anayamba kusiya mapulogalamu ongokhala m'tchanelo usana ndi usiku kuti awasungire @, monga Eggdrop imene inatuluka mu 1993. Kenako netiweki ya DALnet inatchukitsa njira ina: ma bot, mapulogalamu ogwira ntchito okha, a netiweki yeniyeniyo, okhala ndi kaundula. NickServ amasunga kaundula wa mayina, ChanServ wa matchanelo. Mumawalembera ngati mmene mumalemberana ndi munthu, koma iwo ali ndi mphamvu zimene munthu wamba alibe. Angakusintheni dzina, angakupatseni @ muli chikhalire, angakutulutseni.

Kumbuyo kwa ma bot amenewa kumakhala pulogalamu, ndipo zodziwika kwambiri ndi ziwiri, Atheme ndi Anope. Malamulo amene ndilembe pano ndi a Atheme, imene Libera.Chat, netiweki imene inayamba mu May 2021, imagwiritsa ntchito. Pa Anope mawu ena amasiyana pang'ono koma ganizo ndi lomweli. Manetiweki ena ali ndi njira zawozawo: EFnet ilibe NickServ n'komwe, QuakeNet ili ndi bot wotchedwa Q, Undernet ili ndi X. Kulikonse kumene muli, yambani ndi /msg NickServ HELP kuti muone ngati akuyankha.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna muisunge mumtima musanayambe, chifukwa zonse zili m'munsimu zatsamira pa iyo. ChanServ sadziwa dzina lanu. Amadziwa akaunti yanu. Dzina ndi chovala, mungasinthe katatu pa tsiku; akaunti ndi munthu wovalayo. Mungalowe ndi dzina lanu lenileni, koma ngati simunadzizindikiritse kwa NickServ ndi pasiwedi yanu, kwa ChanServ ndinu mlendo ngati wina aliyense.

1. Sankhani dzina, mufunse ngati lili ndi mwini

Tiyerekeze mukufuna dzina loti mlenje. Lembani:

/nick mlenje
/msg NickServ INFO mlenje

Akayankha kuti dzinalo silinalembetsedwe, ndi lanu kutenga. Akakuonetsani tsiku limene linalembetsedwa ndi tsiku limene mwini wake anaoneka komaliza, sankhani lina. Musalimbane nalo.

2. Lembetsani

/msg NickServ REGISTER pasiwediyanu imelo@yanu

Pasiwedi ikhale ya pano pokha, isakhale imene mumatsegulira imelo kapena china chilichonse, ndipo isakhale ndi mpata pakati. Imelo ikhale yeniyeni, imene mudzakhale mukuitsegulabe zaka zikubwerazi, chifukwa ndi njira yokhayo yobwezera akaunti mukadzaiwala pasiwedi. Kumeneko kubwera uthenga wokhala ndi mzere woyamba ndi VERIFY REGISTER, dzina lanu ndi kodi. Koperani mzere wonsewo n'kuutumiza. Pa Libera.Chat akaunti yosatsimikizidwa imafufutidwa pakatha tsiku limodzi, ndiye musazengereze, ndipo uthengawo ukapanda kuoneka, kayang'aneni ku sipamu.

Apa m'pamene pamachitika ngozi imene ndaiona kwambiri kuposa zonse. Munthu waiwala kamzere kopendekera, /, koyambirira, kapena wasiya kampata kakang'ono patsogolo pake. Zikatero pulogalamu siiona ngati lamulo, imangoutumiza mzerewo m'tchanelo ngati uthenga wamba, ndipo anthu onse amene alimo awerenga pasiwedi yanu. Choncho chilichonse chokhala ndi pasiwedi muzichilembera pa windo la seva, osati la tchanelo. Kumeneko mukalakwitsa palibe amene aone. Zikachitika ndithu, musataye nthawi ndi manyazi, sinthani pompo:

/msg NickServ SET PASSWORD pasiwediyatsopano

Muonetsetsenso kalembedwe ka NickServ. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, uthengawo upita kwa aliyense amene wadzitcha dzina lofananalo, ndipo alipo anthu amene amakhalira kudikira zimenezo. Ogwira ntchito pa netiweki sadzakufunsani pasiwedi.

3. Mangirirani dzina lachiwiri, mutseke loyamba

Intaneti ikaduka mwadzidzidzi, seva imatenga mphindi zingapo isanazindikire kuti mwachoka. Mukabwerera msanga mumapeza dzina lanu likadali pomwepo, logwiridwa ndi chithunzithunzi chanu chomwe, chimene amati ghost. Pulogalamu yanu imakupatsani lina, kawirikawiri mlenje_ lokhala ndi kamzere kumapeto. Ambiri amalembetsa dzina lachiwirili ngati akaunti yatsopano, n'kudzadabwa kuti ChanServ sakuwadziwa. Musatero. Mutadzizindikiritsa kale, chitani izi:

/nick mlenje_
/msg NickServ GROUP

Tsopano mayina awiri ali pa akaunti imodzi, pasiwedi imodzi. Kuti mubweze dzina logwiridwa ndi ghost, kapena ndi munthu wina, lembani /msg NickServ REGAIN mlenje ndipo dzinalo libwerera kwa inu.

Kulembetsa pakokha sikuletsa wina kuvala dzina lanu inu kulibe. Choletsa ndi ichi:

/msg NickServ SET ENFORCE ON

Aliyense wotenga dzinalo amapatsidwa masekondi 30 kuti adzizindikiritse, akalephera amasinthidwa kukhala Guest ndi manambala. Dziwani kuti lamuloli lilibe tsankho. Inunso mukachedwa, likusinthani.

4. Konzani SASL

Mungathe kumalemba /msg NickServ IDENTIFY mlenje pasiwediyanu nthawi iliyonse mukalowa, ndipo zimagwira. Koma pali vuto la nthawi. Pulogalamu yanu ikangolumikiza imathamangira kulowa m'matchanelo, NickServ asanamalize kukuzindikirani. Matchanelo amene ali ndi +r, olola okhawo olembetsa, amakubwezani pakhomo. Ngati muli ndi cloak, chophimba adiresi ya intaneti yanu, mumalowa chisanavalidwe ndipo adiresi imaonekera kwa onse. Ena amaika kuti pulogalamu idikire masekondi angapo, koma tsiku limene netiweki yachedwa, vuto limabweranso.

SASL imathetsa zimenezi chifukwa mumadzizindikiritsa pa nthawi yolumikiza, seva isanakulowetseni. Mukamafika mkati mumakhala kuti mwadziwika kale. Makonzedwe ake amatengera pulogalamu imene mumalowera pa IRC. Pa WeeChat, ngati seva munaitcha libera:

/set irc.server.libera.sasl_mechanism plain
/set irc.server.libera.sasl_username mlenje
/set irc.server.libera.sasl_password pasiwediyanu
/save

Pa Irssi:

/network add -sasl_mechanism PLAIN -sasl_username mlenje -sasl_password pasiwediyanu LiberaChat
/save

Pa HexChat tsegulani Network List, sankhani netiweki, dinani Edit, pa Login method musankhe SASL ya dzina ndi pasiwedi, n'kulemba zonse ziwiri.

Zinthu zitatu zimapunthwitsa anthu pano. Choyamba, pa username mulembe dzina la akaunti, limene munalembetsa poyamba. Chachiwiri, njira ya PLAIN siibisa pasiwedi payokha, choncho muzilumikiza ndi TLS, njira yobisa zimene mukutumiza, pa poti 6697, osati 6667. Chachitatu n'chosautsa kwambiri kwa ongoyamba: Libera.Chat imakana ma adiresi ena, monga a ma VPN ena ndi a maseva obwereka, pokhapokha atabwera ndi SASL. Munthu amagwira njakata, chifukwa SASL ikufuna akaunti, akaunti ikufuna alowe kaye. Njira yake ndi kulumikiza kamodzi kudzera pa intaneti ina, kulembetsa kumeneko, kutsimikiza imelo, kenako n'kubwerera ndi SASL.

Tulukani, lowaninso, lembani /whois mlenje. Mukaona mzere wonena kuti mwalowa ndi akaunti ya mlenje, zatheka. Musapitirire ku gawo lotsatira mzerewu musanauone.

5. Lembetsani tchanelo

Funsani kaye: /msg ChanServ INFO ##makambirano. Ngati sichinalembetsedwe, lowani ndi /join ##makambirano, muone ngati muli ndi @. ChanServ salembetsa tchanelo kwa munthu wopanda @. Ngati muli anthu kale koma palibe op ngakhale mmodzi, muyenera kugwirizana kuti nonse mutuluke, inu mulowe woyamba. Kenako:

/msg ChanServ REGISTER ##makambirano

Za zizindikiro ziwiri zija: pa Libera.Chat tchanelo cha # imodzi ndi cha mapulojekiti ndi magulu odziwika, ndipo eni ake a dzinalo akabwera kudzachifuna angapatsidwe. Cha ## ndi cha macheza wamba, chimene aliyense angatsegule. Ngati simukuimira pulojekiti imene dzina lake mukugwiritsa ntchito, tengani ##.

Tsopano yankho la funso limene linandilembetsa zonsezi. Mwalembetsa, mwatuluka, mwabwerera, m'tchanelo munatsala anthu, ndipo @ palibe. Palibe chalakwika. Pa Libera.Chat mwini tchanelo sapatsidwa @ yobwera yokha. Mphamvu muli nazo, zili mu kaundula, ndipo mukazifuna mumangopempha:

/msg ChanServ OP ##makambirano

Akakana, bwererani ku /whois. Kawirikawiri n'kuti simunadzizindikiritse.

6. Mangani mpanda

/msg ChanServ SET ##makambirano GUARD ON
/msg ChanServ SET ##makambirano KEEPTOPIC ON
/msg ChanServ SET ##makambirano MLOCK +nt

GUARD imalowetsa ChanServ m'tchanelo kuti akhalemo ngati mlonda, motero tchanelo sichikhalanso chopanda munthu ndipo ziletso zimene munaika sizifufutika. KEEPTOPIC imasunga mutu. MLOCK imakhomerera makonzedwe kuti asasinthidwe: n imaletsa uthenga wochokera kwa amene sali mkati, t imati mutu azisintha ndi ma op okha.

Musakhomerere +k, kiyi ya tchanelo, GUARD isanayatsidwe. Tchanelo chikakhala chopanda munthu, aliyense amalowa popanda kiyi, ChanServ n'kubwezeretsa +k, ndipo mlendoyo amaiwerenga kiyiyo poyera. Mukakhomerera +i, yolola oitanidwa okha, dziwani kuti inunso muzifunika kudziitana ndi /msg ChanServ INVITE ##makambirano.

7. Kugawa mphamvu

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mzere umodzi. Kulembetsa n'kosavuta. Matchanelo ambiri amene ndaona akugwa sanagwe chifukwa cha adani akunja, anagwa chifukwa cha mmene mwini wake anagawira mphamvu.

Yambani ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Mukalemba /mode ##makambirano +o nyenyezi, mwabwereka nyenyezi @ ya lero lokha. Akatuluka, yatha. Zimenezo ndi za seva, ChanServ sazilemba paliponse. Mphamvu zokhalitsa zimalembedwa ndi lamulo la FLAGS, ndipo mphamvu iliyonse ndi chilembo chimodzi. Zilembo zimenezi musazisokoneze ndi za makonzedwe a tchanelo, monga +r, +i ndi +t zimene taona pamwambapa. Onani zanu kaye:

/msg ChanServ FLAGS ##makambirano

Pa dzina lanu muona mndandanda wonga +AFRefiorstv. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana, ndipo kusiyanako n'kwakukulu. Ine ndimazigawa m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi losaopsa. +v imalola munthu kudzipatsa kapena kupatsa ena voice, kachizindikiro ka + kolola kulankhula pamene tchanelo chatsekedwa pakamwa ndi +m. +V imabweretsa voice yokha akangolowa. +A imamulola kuona mndandanda wa amene ali ndi mphamvu. Zimenezi mungapereke mosadandaula.

Gulu lachiwiri ndi la ntchito ya tsiku ndi tsiku. +o imalola kupempha @ kwa ChanServ, +t kusintha mutu, +i kudziitana, +r kuchotsa ziletso. Woyang'anira wabwino safuna zoposa izi.

Gulu lachitatu ndi makiyi a nyumba. +s imalola kusintha makonzedwe onse a mu gawo 6. +R imalola kulanda @ kwa aliyense nthawi imodzi. +f imalola kusintha mndandanda weniweniwo, kutanthauza kupatsa ena mphamvu zimene iye ali nazo ndi kulanda ena zomwezo. +F ndi umwini wonse.

Ndinali m'tchanelo china chimene chinali ndi anthu okwana makumi angapo, chabata, chothandiza. Mwini wake ankakonda kuthokoza anthu ndi mphamvu. Aliyense amene wathandiza kwa milungu ingapo ankamulembera +*, imene imapereka pafupifupi zilembo zonse kupatula umwini. Ankaona ngati ndi ulemu. Tsiku lina awiri mwa iwo anasemphana pa nkhani ya munthu amene mmodzi anamuletsa kulowa ndipo winayo anamutsegulira. Mwini tchanelo kunalibe sabata imeneyo. Mmodzi wa awiriwo anatsegula windo la ChanServ n'kuyamba kulemba -* pa dzina lililonse, mmodzimmodzi, mpaka mndandanda unatsala ndi iye ndi mwini wake basi. Sanathyole chilichonse, sanabe pasiwedi ya munthu. Anagwiritsa ntchito +f imene anapatsidwa. Mwini atabwera anakonza mndandanda pa mphindi zochepa, koma ena mwa anthu amene anachotsedwa anali atapita kale ndipo sanabwerenso. Zimandipwetekabe, chifukwa chinali tchanelo chabwino.

Ndiye langizo langa ndi ili: +f, +s ndi +R zikhale kwa anthu awiri kapena atatu amene mwawaona atakwiya n'kudziwa mmene amachitira. Ena onse alandire gulu lachiwiri. Kuti musamalembe zilembo pamanja nthawi zonse, ndi kuti musadzalakwitse chilembo usiku mutatopa, pangani template, dzina limodzi loimira zilembo zingapo:

/msg ChanServ TEMPLATE ##makambirano mlonda +Aiortv
/msg ChanServ FLAGS ##makambirano nyenyezi mlonda

Mwaona kuti +O yaikulu sindinaiikemo. Imeneyo ndi imene imabweretsa @ yokha munthu akangolowa, ndipo ambiri amaifuna. Ine sindiikonda. Tchanelo chimene anthu asanu avala @ tsiku lonse chimasintha mpweya wake. Alendo amaopa kufunsa, ndipo mkangano uliwonse ndi op umaoneka ngati mlandu. Pamene op amavala @ pokhapokha pali ntchito, n'kuivula ndi /msg ChanServ DEOP akamaliza, anthu amacheza naye ngati mnzawo. Komanso ovuta akalowa sadziwa kuti ndani akuyang'anira, ndiye sayembekezera kuti aliyense wachoka.

Musanapereke chilembo chilichonse, tsimikizani kuti mukupatsa ndani. Kumbukirani mfundo ija: mphamvu zimapita ku akaunti. Munthu amene mukucheza naye monga nyenyezi mwina sanalembetse dzinalo, ndipo akaunti ya nyenyezi ndi ya munthu wina amene simunakumanepo naye. Mukalemba FLAGS ndi dzina limenelo, makiyi apita kwa mlendoyo. Lembani /whois nyenyezi, werengani dzina la akaunti limene walowa nalo, ndipo mugwiritse ntchito limenelo. Ngati palibe mzere wa akaunti, muuzeni akalembetse kaye.

ChanServ amalolanso kupereka mphamvu ku adiresi, monga *!*@adiresi, m'malo mwa akaunti. Pa voice zingatheke. Pa @ musayese. Ma adiresi amasintha manja, ndipo anthu ambiri angagawane imodzi.

Pomaliza pa gawoli, yatsani /msg ChanServ SET ##makambirano SECURE ON. Zikatero op akapatsa mnzake @ pamanja pomwe mnzakeyo sali mu kaundula, ChanServ amaichotsa nthawi yomweyo.

8. Konzekerani tsiku limene inu simudzakhalapo

Akaunti sikhala mpaka kalekale. Pa Libera.Chat akaunti imene yakhala milungu 10 mpaka 15 osagwiritsidwa ntchito, malinga ndi zaka zimene yakhala yolembetsedwa, imayamba kuonedwa ngati yosiyidwa, ndipo ingafufutidwe wina akapempha dzinalo. Kulowa pa IRC osadzizindikiritsa sikuwerengedwa. Ndakumanapo ndi anthu amene ankacheza tsiku ndi tsiku koma kwa NickServ anali atasowa miyezi. Apanso SASL imakupulumutsani, chifukwa kulowa kulikonse kumalembedwa.

Koma moyo umatanganitsa. Matenda, ntchito, kusamuka, kompyuta kuwonongeka. Akaunti ya mwini ikafufutidwa, ChanServ amafuna wolowa m'malo, ndipo akasowa, tchanelo chingachoke mu kaundula kapena kugwera m'manja mwa oyendetsa netiweki, malinga ndi malamulo a kumeneko. Anthu amene akhala akuchisamalira zaka amatsala opanda chogwira. Mutu umodzi susenza denga, ndiye sankhani munthu lero, zinthu zili bwino:

/msg ChanServ FLAGS ##makambirano nyenyezi +S

+S imamulemba ngati wolowa m'malo. Lero simupatsa mphamvu ina iliyonse, imangodikira tsiku limenelo. Njira ina ndi kumupatsa +F kuti mukhale eni awiri. Imeneyo ili ndi ubwino woti akhoza kuchita zonse inu kulibe, koma dziwani kuti mwini mnzanuyo ali ndi mphamvu zofanana ndi zanu, kuphatikizapo kukuchotsani inuyo. Kwa munthu amene mwangodziwana naye pa intaneti chaka chino, +S ndi yokwanira. Muuzeninso kuti mwamulemba, chifukwa wolowa m'malo amene naye akaunti yake yafufutidwa sathandiza kanthu.

Mukafuna kusiya tchanelo mwakufuna kwanu, musangosowa. Patsani wina +F, muone pa mndandanda kuti yalowa, kenako muchotse yanu. Ndipo mukasintha imelo, uzani NickServ ndi SET EMAIL, chifukwa tsiku loiwala pasiwedi, /msg NickServ SENDPASS mlenje imatumiza kodi ku imelo imene ili mu kaundula, osati imene mukugwiritsa ntchito panopa.

9. Zinthu zikasokonekera

Wina wapeza @, watulutsa anthu, wakuletsani kulowa, waika kiyi. Musalimbane naye pa windo la tchanelo. Lembani:

/msg ChanServ RECOVER ##makambirano

ChanServ achotsa @ kwa aliyense, achotsa kiyi ndi malire a chiwerengero cha anthu, achotsa ziletso zokhudza inu, atseka tchanelo ndi +i ndi +m, n'kukuitanani. Lowani, tengani @, ndipo musanatsegule yang'anani mndandanda wa FLAGS kuti mudziwe @ ija inachokera kuti. Ngati inadzera pa akaunti ya mmodzi wa oyang'anira anu, chotsani zilembo zake kaye ndi -* mpaka asinthe pasiwedi. Mukatero tsegulani ndi /mode ##makambirano -im. Ambiri amaiwala mzere womalizawu n'kumadabwa kuti tchanelo changoti zii, palibe wolowa.

Nthawi zina mulembera ChanServ ndipo seva iyankha kuti kulibe dzina lotero, kwinaku anthu ambiri atuluka nthawi imodzi. Imeneyo ndi netsplit: maseva a netiweki aduka pakati, ndipo ma bot atsala mbali ina. Kaundula sanafufutike. Dikirani, abwera. Pa nthawi yoteroyo musatumize pasiwedi kwa aliyense, ngakhale atadzitcha dzina lotani.

Kwa munthu wovuta amene amabwerabwera, chiletso wamba cha /mode +b chimathandiza, koma op aliyense angachichotse, ndipo popanda GUARD chimafa tchanelo chikakhala chopanda munthu. Chokhalitsa ndi AKICK, chimene chimalembedwa kwa ChanServ:

/msg ChanServ AKICK ##makambirano ADD kadzidzi !T 7d kutukwana | anachenjezedwa kawiri

!T 7d ikutanthauza masiku 7, ndipo akatha chiletso chimachoka chokha. Mawu a kumanzere kwa kamzere koima ndi amene woletsedwayo aone akamatulutsidwa. A kumanja amaoneka kwa oyang'anira okha, kuti mnzanu amene adzapeze dandaulo lake inu kulibe adziwe chimene chinachitika asanamutsegulire. Ngati wovutayo ali ndi akaunti, letsani akauntiyo, chifukwa akasintha dzina chiletso chimamutsatira. Ngati alibe ndipo akungosintha mayina ndi ma adiresi, ikani /mode ##makambirano +r kwa maola angapo kuti alowe olembetsa okha, ndipo mulembe pa mutu wa tchanelo chifukwa chake ndi ola limene mudzatsegule.